Makatuni ndi Mphoto za Oscars

Zikomo amayi ndi abambo, nanunso achinyamata kumbuyoko, takhazikikani. Lero tikambe za makatuni. Ndaona ena mwayamba kale kumwetulira, mukuti zimenezo ndi zidole za ana. Maganizo amenewo sali kuno kokha ayi. Aliponso ku Hollywood, kuchimake kwa mafilimu ku America, pakati pa akuluakulu amene amapereka mphoto za mafilimu zotchedwa Oscars.

Mphotozi zinayamba mu 1929, ndipo yaikulu pa zonse ndi ya filimu yopambana, Best Picture. Mpaka lero palibe katuni imene inaitengapo. Amene anangofika pamndandanda wa opikisana ndi atatu okha basi: Beauty and the Beast mu 1992, kenako Up ndi Toy Story 3. Awiri omalizawa analowa malo atawonjezeredwa kuchoka pa 5 kufika pa 10.

Mu 2002 makatuni anapatsidwa gawo lawolawo, ndipo Shrek ndiyo inayamba kupambana. Ambiri anaomba m'manja. Koma ine ndimaona ngati zimene zimachitika paukwati, mlendo kumuyalira mphasa kuseri kwa nyumba, kumupatsa mbale yake yodzaza bwino, koma pagome lalikulu osamuitana. Wadya, inde, koma ulemu wake sanaulandire.

Chimandiwawa n'chakuti ntchitoyi ndi yakalavulagaga. Sekondi imodzi yokha ya filimu imakhala ndi zithunzi 24. Wosewera weniweni akafuna kulira, misozi imangotsika. Pakatuni palibe chongochitika chokha. Munthu amakhala pansi n'kuganiza kuti chikope chigwe liti, mlomo unjenjemere bwanji, msozi uime pati patsaya usanagwe. Zaka zimatha akujambula. Komabe palibe wotsogolera katuni amene anasankhidwapo kupikisana pa mphoto ya Best Director, ndipo palibe amene anapikisanapo ngati wosewera chifukwa cha mawu ake okha.

Nanga za ana zija? Mverani. Filimu ya Flee ya ku Denmark ndi nkhani yoona ya munthu wothawa nkhondo ku Afghanistan. Kumujambula ngati katuni kunathandiza kubisa nkhope yake, kuti alankhule momasuka. Mu 2022 inapikisana m'magawo atatu, koma osati lalikulu lija.

Achinyamata okonda kujambula, tcherani khutu apa. Mu 2025 mphoto ya makatuni inapita ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Filimu yake ndi Flow, ya Gints Zilbalodis, nkhani ya mphaka wothawa madzi osefukira, yopanda mawu ndi amodzi omwe. Anaipanga ndi Blender, pulogalamu yaulere imene aliyense angathe kuiika pakompyuta yake. Inagonjetsa makatuni a makampani akuluakulu monga Pixar ndi DreamWorks. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri. Koma pa mafilimu 10 amene anapikisana pa Best Picture chaka chimenecho, munalibe katuni ndi imodzi yomwe.