Njoka pa dziwe la nsomba

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Miyambo 24:30-31, pamene wolemba akunena kuti anadutsa pamunda wa munthu waulesi, napeza minga itamera ponseponse, linga lake lamiyala litagumuka.

Mnansi wanga wina ali ndi dziwe la makumba kufupi ndi nyanja ya Malombe, ndipo dzinja lathali ankati akapha njoka lero, pakangopita masiku ochepa n'kupezanso ina itatulutsa mutu pamwamba pa madzi. Iye anafika poganiza kuti wina wamuchita chipongwe. Koma nditapita kukaona, ndinapeza udzu wofika m'chiuno kuzungulira dziwelo, mulu wa njerwa zosweka pambali, ndiponso achule ochuluka moti madzulo simungamvane polankhula. Njoka imatsata chakudya ndi pobisala, choncho amene wasiya ziwirizi waiitana yekha.

Tiyeneranso kuzidziwa njokazi. Njoka zambiri zofiirira zimene zimakhala m'mphepete mwa madzi zilibe ululu, zimangosaka achule ndi tinsomba, ndipo zimathawa zikamva mgugu wa mapazi. Komabe kusambira si umboni wakuti njoka ndi yofatsa, pakuti ija imene imadzutsa mutu n'kufutukula khosi imasambiranso bwino, ndipo ululu wake umapha. Nsato imakonda m'mabango. Ilibe ululu koma imakulunga. Mphiri, yaifupi ndi yonenepa ija, ndiyo imandiopsa kwambiri, chifukwa imangogona phee panjira yopita kumadzi osasuntha. Wina akalumidwa, musamange chingwe, musateme mphini, musayamwe bala; mufulumire naye kuchipatala.

Ambirife timachita ndi tchimo monga mmene ankachitira mnansi wanga. Timalapa Lamulungu, kukafika Lachitatu tagweranso pomwepo, kenaka n'kumanena kuti Satana watikulira mphamvu, pamene nambala ija sitinaifute m'foni, njira yodutsa pamalo omwera mowa sitinaisinthe, ndipo mkwiyo wa chaka chatha tikuusungabe ngati mulu wa njerwa. Ndimaona kuti pemphero lothamangitsa mdani n'lopepuka kuposa kugwira chikwakwa, n'chifukwa chake timalikonda.

Mnansi uja anatchetcha udzu wonse, nasamutsa njerwa zija, ndipo tsopano akaima m'mphepete mwa dziwe amaona bwino pamene akuponda. Tisanatuluke m'nyumba lero, aliyense apemphe Mzimu Woyera kuti amuonetse malo amodzi okha oti ayambirepo kutchetcha.