Attitude ya Yesu inali beseni ndi thaulo

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso.

Pali liwu la Chingerezi lomwe linakhazikika kale pakamwa pathu. Wogulitsa m'sitolo akakupatsa chenji nkhope itayang'ana kwina, kapena mwana akayankha motsonya, timati, "Ameneyu ali ndi attitude." Timanena za mwano ndi kudzimva. Koma poyamba liwuli linkanena za thupi. Angerezi analitenga ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1600, Afalansa nawonso analitenga ku Chitaliyana, attitudine, ndipo muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti aptitudo, kutanthauza kuyenerera. Eni ake a liwuli anali ojambula zithunzi ndi osema ziboliboli. Kwa iwo attitude inali kaimidwe ka munthu wa pachithunzipo: mutu wawerama kapena wadzuka, manja ali pati, bondo lapinda kapena ayi. Kenako anthu anayamba kutchula za mumtima ndi liwu lomweli, poona kuti thupi limaulula zimene mwini wake wabisa. Mpaka lero oyendetsa ndege amati attitude ponena za mmene ndege yapendekera m'mlengalenga, kaya mphuno yake yaloza kumwamba kapena pansi.

Kwathu kuno agogo sanadikire Chilatini kuti adziwe zimenezi. Mwana akayankha atagwira m'chiuno, amakhala atamva kale zonse, ngakhale mawu ake akhale okoma chotani.

Pa Luka 18, Mfarisi ndi wamsonkho analowa m'kachisi mmodzi, ndipo onse awiri anapemphera ali chilili. Palibe anagwada. Koma Yesu anaona kuti wamsonkho anaima patali, sanafune ngakhale kukweza maso kumwamba, ndipo ankadziguguda pachifuwa. Ameneyu ndiye anapita kwawo wolungamitsidwa.

Pa Afilipi 2:5 Paulo akutiuza kuti tikhale ndi mtima umene unali mwa Khristu Yesu, ndipo Mabaibulo ena a Chingerezi pamenepa analembapo attitude. Ndiye ndimadzifunsa: wojambula atafuna kuonetsa mtima umenewo, angamuimike bwanji Yesu? Yohane 13 ikuyankha. Ananyamuka pachakudya, navula chovala chake chakunja, namanga thaulo m'chiuno, nathira madzi m'beseni. Mapazi sasambitsika uli chilili, abale. Mwana wa Mulungu anawerama mpaka nkhope yake inayandikira fumbi la m'zala za Petro, ngakhalenso za Yudasi, amene Iye ankadziwa bwino lomwe zimene anali atakonza.

Zimenezi zandigwira chifukwa cha dzulo. Madzulo kunabwera mayi wina woyandikana nafe kudzapempha shuga pang'ono wa phala la mwana. Ndinawapatsa, sindinawamane. Koma chitseko ndinangotsegula theka, phewa nditatsamira pafelemu, ndipo kapu ija ndinaipereka ndi dzanja limodzi, maso ali pafoni. Iwo analandira ndi manja awiri, nanjuta, nati, "Zikomo kwambiri amayi, Mulungu akudalitseni." Ndi aakulu kwa ine mayi amene aja. Usiku nditagwada pambali pa bedi, pemphero linandikanika. Maondo anali pansi ndithu, koma m'maso mwanga munkangobwera phewa lija litatsamira pakhomo, ndi manja awo awiri aja.

Ambuye Yesu, Inu amene munawerama ndi beseni, ndikhululukireni. Ndiphunzitseni kupereka monga Inu munaperekera.

Werengani Yohane 13:1-17 musanatuluke m'nyumba. Ine ndikangotumiza uthengawu foni ndiisiya patebulo, ndikagogode kwa mayi aja ndikamve mmene mwana wagonera.