Makalata a omvera: Apongozi akuti Yusufu, mayi anga akuti Yosefe

Takulandiraninso omvera athu nonse, kuyambira ku Makanjira uko mpaka ku Chilipa, inu a ku Namwera kumtunda kozizira, a kabaza amene mwaima pa mlatho kudikira makasitomala, ndi inu alovi amene mwangokocheza kumene ku Msaka maso ali psuu. Sabata yatha ndinangotchula modutsa kuti dzina loti George limatanthauza mlimi, nde abale foni ya pulogalamu sinapume, mameseji mbwee, ena makalata olemba pamanja kudzasiya pa geti. Lero tingokamba za mayina a amuna basi, zina zidikire.

Yoyamba yachokera kwa Mpondasi, mayi sanafune kuti tiwatchule. Akuti:

"Achimwene a pa wailesi ndithandizeni. Ndachira masiku asanu apitawa, mwana wamwamuna. Amuna anga ndi Asilamu, ine kwathu ndi ku Malindi timapemphera Anglican. Apongozi anga akuti mwanayu ndi Yusufu dzina la malemu amuna awo, mayi anga akuti zosatheka mdzukulu wawo woyamba ndi Yosefe, moti dzulo anasiyana osatsanzikana mayi anga anasiya phala lili pamoto ndikukakwera njinga. Kadi ya kusikelo pa dzina mpaka pano sitinalembe kanthu. Nditani ine?"

Choyamba mwachita bwino kuchira mayi, Mulungu akusungireni kamnyamatako. Koma ndisaname, nditawerenga kalata yanuyi ndinaseka ndekha mu studio muno, chifukwa agogo awiriwa akulimbirana dzina limodzi lomwelo. Yusufu ndi Yosefe ndi munthu mmodzi, mwana wa Yakobo uja abale ake anamuponya m'chitsime, kenako nkukatchuka ku Iguputo. Mu Baibulo nkhani yake ili mu Genesis, mu Korani ali ndi sura yakeyake, sura 12, imene dzina lake ndi Yusuf. Dzinali ndi la Chiheberi, Yosef, ndipo tanthauzo lake ndi "awonjezere". Mayi ake Rakele anakhala nthawi yaitali opanda mwana mkulu wawo Leya akungobereka, nde atamuona mwanayu anati Mulungu andiwonjezere wina wamwamuna, pa Genesis 30:24 pamenepo. Chiheberi ndi Chiarabu ndi zilankhulo za pachibale ngati mmene Chichewa chilili ndi Chiyao, mawu amafanana kungosiyana kakamwa. Ayuda popereka moni amati shalom, Aarabu salaam, zonsezo ndi mtendere, ndipo mmenemo ndi mmene munachokera dzina loti Solomoni limene kuno timati Selemani. Daudi ndi Davide yemweyo, wokondedwa. Musa ndi Mose. Ibrahimu ndi Abrahamu.

Ndipo dzina lanuli layenda kwabasi. Mukangodutsa pa Chiponde kulowa Mandimba mukamupeza akutchedwa José, Chipwitikizi chimenecho, ndipo anzathu a ku Nsanje ndi Chikwawa José yemweyo anamukhotetsa nkukhala Zuze. Ku Italy ndi Giuseppe. Nde mukaona a Zuze, a Joseph ndi Che Yusufu akhala pa benchi imodzi kudikira minibasi, onsewo ndi adzina, kungoti sakudziwana.

Tsono mayi, musapite kukawauza agogowo kuti inu simudziwa kanthu, ayi, mukayatsa moto wina. Chimene chikuwawa pamenepa si zilembo, aliyense akufuna anthu adzati anatcha dzina ndi uje. Ine maganizo anga, khalani pansi ndi bambo a mwanayo musankhe kalembedwe kamodzi ka pa kadi, chifukwa kameneko ndi kamene kadzapite pa chitupa ndi pa satifiketi ya sukulu, osati uku Yusuf uku Joseph mwana adzavutike nazo atakula. Pakhomo gogo aliyense aziitana mmene kukamwa kwake kwazolowerera, mwana adzavomera konse. Komanso dzinalo likupempha kale kuti awonjezere eti, nde amene agonje ulendo uno muwalonjeze kuti wachiwiri adzatcha ndi iwo. Phala lija mukaliwone lisapserere.

Ndisanachoke pamenepa, pali meseji yaifupi ya mphunzitsi wina ku Nankumba, akufunsa ngati Yahaya ndi Yohane alinso amodzi. Eya aphunzitsi, Yahya wa mu Korani ndi mwana wa Zakariya, yemwe Akhristu amati Yohane Mbatizi. Yohane ku Chiheberi ndi Yohanan, kutanthauza kuti Mulungu wachita chisomo, tingoti Chisomo. Dzina limeneli nde lili ndi zovala zambiri kuposa onse, John, João ku Mozambique, Juan ku Spain, Jean ku France, Ivan ku Russia, Ian ku Scotland, Sean ku Ireland, Giovanni ku Italy. Ngakhale tauni yathu ino ya Mangochi, achikulire mukukumbuka inkatchedwa Fort Johnston potengera Harry Johnston mzungu wa boma la atsamunda uja, ndipo Johnston kwawoko ndi kunena kuti mudzi wa John. Nde taonani, John wina dzina lake linali pa boma lathu lino, John winanso, Chilembwe, anaukira boma la atsamunda lomwelo mu 1915.

Tipite ku M'baluku. Uyu walemba pa WhatsApp, akuti:

"Bwana ine ndine Juma ndimapalasa kabaza. Shehe wina anandiuza kuti Juma ndi mwana wobadwa Lachisanu koma mayi anga akuti ndinabadwa Lachiwiri usiku mvula ikugwa. Nde dzinali ndi langa kapena anandinamiza?"

Kkkk Che Juma dzina ndi lanu musalibweze. Ashehe sananame, Juma likuchokera ku liwu la Chiarabu lonena tsiku losonkhana, Lachisanu, lija timati tsiku la Ijuma anthu akamapita ku mzikiti masana. Linabwera kuno ndi Chiswahili, nthawi imene Ayao ankayenda malonda mpaka ku Kilwa kunyanja yamchere. Aswahili mwana wa Lachisanu ankamutcha Juma, wa Lachinayi Hamisi, ndipo ena ankatengera mwezi, Ramadhani wobadwa mwezi wosala, Shabani, Rajabu, yonseyo ndi miyezi ya pa kalendala ya Chisilamu. Koma dzina likakhala m'mudzi zaka zambiri limasiya kuyang'ana kalendala, limayamba kutsata anthu. Kafunseni bwino, ndikukhulupirira mupeza kuti kuli mjomba kapena agogo ena amene anali Juma ndipo inu munangolowa dzina lawo. Iwowo mwina ndi amene anabadwa Lachisanu.

Zotcha mwana potengera tsiku si za Aswahili okha. Ku Ghana Aakan ndi akatswiri pa zimenezi, mnyamata wa Lachisanu ndi Kofi, wa Loweruka Kwame. Kofi Annan amene anali mkulu wa United Nations anabadwa pa 8 April 1938, ndipo linali Lachisanu ndithu, nde Kofi Annan ndi Che Juma wa ku Ghana. Kwame Nkrumah dzina lake ndi la Loweruka. Inuyo wa Lachiwiri kumeneko mukanakhala Kwabena. A ku Mozambique ali ndi Domingos, domingo ndi Lamulungu. Noel ndi wa pa Khirisimasi, Pascal wa pa Pasaka, koma ndikudziwa a Noel ena obadwa mu June dzuwa lili phwee, palibe anawamanga.

Kalata iyi nde yandikhudza, ndiiwerenga yonse. Yachokera ku Joni, mnyamata wa kwa Katuli amene akugwira ntchito mu shopu ku Benoni, amatimvera pa intaneti.

"Akulu, dzina langa ndi Mavuto. Kuno anzanga a Chizulu akandifunsa tanthauzo ndimachita manyazi, iwo ali ndi mayina abwino Sipho, Sibusiso, Themba. Chibwerereni kuno zinthu sizikuyenda, kawiri andibera, ndalama sizikhala m'thumba, pena ndimaganiza kuti ndi dzinali likunditsata. Ndikufuna ndikabwera ndidzasinthe ndikhale Calvin kapena Philip. Mayi ali moyo koma sindinawauze."

Achimwene Mavuto pepani ndi zokuberanizo, ku Joni anthu akuvutika ambiri, a Dalitso ndi a Madalitso omwe akuberedwa, nde dzina tisalinamizire. Koma mwandipatsa nkhani ndi malo amene mukukhalawo. Mukudziwa kuti Benoni ndi dzina la munthu? Rakele yemwe uja wa Yosefe, Mulungu anamuwonjezeradi mwana wachiwiri, koma uchembere unavuta, ndipo akutsirizika anatcha mwanayo Benoni, kutanthauza mwana wa chisoni changa. Bambo ake Yakobo ndi amene anasintha nkuti Benjamini, mwana wa dzanja lamanja, Genesis 35:18. Nde inu a Mavuto mukukhala mu tauni yotchedwa Mavuto, anzanu akukusekaniwo adiresi yawo ndi yomweyo. Muli Yabezi mu 1 Mbiri 4, mayi ake anamutcha choncho chifukwa anamubala ndi ululu. Nelson Mandela dzina limene bambo ake anamupatsa ndi Rolihlahla, kukoka nthambi ya mtengo, anthu amangoti wovuta, loti Nelson anachita kupatsidwa ndi aphunzitsi tsiku loyamba sukulu.

Makolo athu akamatcha Mavuto, Masautso, Masiye, sankatemberera mwana. Ankalemba mbiri, poti analibe kope. Mwina chaka chimenecho kunali njala, mwina ana awiri anatsogola kumanda inu musanabadwe, mwina bambo anathawa mimba ili ndi miyezi itatu. Dzinalo limanena za nyengo imene munafikira, osati za kumene mukupita. A Kamuzu amene, dzina lija ndi kamuzu ka mankhwala, mayi awo anavutika kuti aone mwana mpaka anamwa mizu, loti Hastings anadzatenga kwa m'mishoni wa ku Scotland pobatizidwa. Nde musanathamangire ku ofesi ya kalembera, imbirani mayi foni, muwafunse kuti amayi chinachitika nchiyani chaka chimene ndinabadwa. Mugule mayunitsi okwanira chifukwa nkhani imeneyo siikhala yaifupi, ndipo mwina simunaimvepo.

Mukamva nkuona kuti mukufunabe kusintha, ndi ufulu wanu, Yakobo anasintha la mwana wake, komanso kwathu kuno mnyamata akatuluka ku jando amabwera ndi dzina latsopano, laumwana lija kumuitana nalo nkumulakwira. Kungoti mayina mwasankhawo ndikuuzeni zoona. Calvin likuchokera ku liwu la Chilatini lonena munthu wadazi. Philip ndi Chigiriki, wokonda mahatchi, inu hatchi munaikwerapo kwa Katuli? Paul ndi wamng'ono. Azungu nawo mayina awo ndi mawu wamba a m'zilankhulo zakale, kungoti eni akewo anaiwala matanthauzo nde amamveka apamwamba. Peter ndi Mwala basi, Pedro, Pierre, kwa Aarabu Boutros, yense ndi mwala. Ndipo a Chizulu mukuwasirirawo, Sipho ndi Mphatso, Sibusiso ndi Dalitso, Themba ndi Chiyembekezo, tili nawo kale. Mphatso yemweyo kwa Agiriki ndi Theodore, kwa Ayuda Mateyu, mphatso ya Mulungu. Dalitso ndi Benedicto wa Akatolika, ndi Mubarak wa Aarabu, ndi Baraka wa Aswahili, Barack Obama amene uja ndi Dalitso wa bambo a ku Kenya. Chimodzi chokha, mapepala anu onse, pasipoti, chitupa, satifiketi, alembedwa Mavuto, nde mukasintha musinthe mwa lamulo zonse zifanane, apo ayi mavuto enieni mukawaonera pa Beitbridge.

Nthawi ikuthamanga. Bambo wina ku Monkey Bay akuti mwana wawo anamutcha Abdul, nde mlamu wawo amene anaphunzira ku madrasa akumanena kuti dzinalo ndi loduka. Alamu anuwo akunena zoona bambo. Abdul ndi kunena kuti "kapolo wa", nde pamafunika kumaliza, kapolo wa ndani. Abdullah kapolo wa Allah, Abdulrahman kapolo wa Wachifundo, Abdulkarim kapolo wa Wopatsa, amalumikiza ndi limodzi mwa mayina a Mulungu. Pakhomo kuitana Abdul palibe vuto, aliyense amadula, koma pa kadi malizitsani. Akhristu musaone ngati nzachilendo, Obadiya ndi dzina lomwelo m'Chiheberi, mtumiki wa Yehova.

Wina sanalembe dzina, angoti ali ku Makawa, mkazi wawo wachira mapasa onse aamuna ndipo akufuna mayina oyenderana. Ku Uganda Abaganda sakhala ndi mutu ukuwawa, woyamba ndi Wasswa wachiwiri Kato. Ku Tanzania Kulwa ndi Doto. Ayoruba a ku Nigeria amati Taiwo ndi Kehinde, ndipo chosangalatsa kwa iwo wamkulu ndi Kehinde wotuluka pambuyoyo, amati anachita kutuma mnzakeyo kuti katsogole ukalawe dziko ngati lili bwino. Tomasi nalonso tanthauzo lake ndi mapasa. Koma bambo a ku Makawa mwafunsa agogo ake kaye? Mwamva zachitika kwa Mpondasi.

Atekinishani akundikodola ndi dzanja kuti nthawi yatha. Makalata atatu atsala, ina ya mayi wa ku Namiasi amene akufunsa za Bwanali ndi Bakali, imeneyo tidzayambira sabata ya mawa. Mayi a kwa Mpondasi mutiuze zimene mwalemba pa kadi paja. Sikomo kwejinji, tsalani bwino.