Masiku oyamba munthu akasiya fodya: zimene mlangizi wa zaumoyo anayankhula pa msonkhano wa m'mudzi kufupi ndi Ngabu

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu nonse, amayi ndi abambo. Inu muli padzuwa uko senderani kuno pansi pa nimu, dzuwa la kuno kuchigwa tonse tikulidziwa.

Nkhani yandibweretsa lero ambiri mwaimva kale. Dzina sinditchula, ndipo eni ake ndinayamba ndawapempha. Bambo wina wa tsidya ilo anatsokomola mwezi wathunthu, tinawatumiza kukayezetsa makhololo, anawapeza ndi TB. Adokotala anawauza kuti asiye fodya. Anamvera, mpaka chingambwe chimene anali nacho m'thumba anachitaya m'chimbudzi. Tsiku lachitatu anakangana ndi akazi awo nkhani yake mchere wa m'ndiwo, mbale inaponyedwa panja, mwana anathawira kwa agogo ake. Usiku womwewo anapita pa okala kukagula ndudu imodzi, akuti yongoziziritsa mtima. Lero akusuta monga kale, uku akumwa mankhwala a TB. Ndiye pachitsime payamba kumveka zoti kusiya fodya kumapengetsa munthu, bola kumangosuta. Zimenezo ndi zimene zandiwawa, ndipo ndabwera kuti tizikonze.

Bambo aja sanapenge ayi. Chinawagwira ndi chibaba. Mu fodya muli mankhwala otchedwa nikotini. Mukakoka utsi, nikotini amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20, ndipo ubongo umazolowera kulandira kangapo pa tsiku. Akayamba kuchepa m'magazi, mtima umakhala m'mwamba, munthu amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, sakhazikika. Akasuta, zonse zimatsika, iye n'kumati fodya wandichotsera nkhawa. Koma nkhawa imeneyo anaibweretsa ndani? Ndi fodya yemweyo. Zili ngati munthu wokubera mbuzi usiku, m'mawa n'kubwera kudzakuthandiza kuifunafuna, iwe n'kumuthokoza.

Tsono mvetserani apa. Chibaba chimafika pachimake masiku atatu oyambirira, sabata yoyamba ndiye yowawa kwambiri. Pakatha masabata 2 mpaka 4, kwa anthu ambiri chimakhala chitazilala. Bambo aja anagonja tsiku lachitatu, pamene mtsinje unali utadzaza kale ndipo unatsala pang'ono kuyamba kuphwa. Ndipo chibaba chikabwera sichikhala tsiku lonse, chimakwera, n'kutsika pakatha mphindi 5 kapena 10. Ndudu imodzi ija yongoziziritsa mtima ndi imene imabwezera munthu pachiyambi. Musayatse imodziyo. Ndibwerezanso, musayatse imodziyo.

Amayi, ndikudandaulireni pang'ono. Ndinamva kuti ena munkawaseka bambo aja, mumati onani wasiya fodya koma wasanduka mkango. Ena kunyumba mumanena kuti "ingosutani bambo, tipumeko." Mawu amenewo ndi machesi. Ndikudziwa kukhala ndi munthu wokwiyakwiya n'kowawa, ndipo sindikunena kuti mulole kumenyedwa, chibaba si chilolezo choponyera mbale kapena kukweza dzanja, zikafika apo a mfumu alipo, apolisi aliponso. Koma utsi umenewo mumaupuma ndi inu ndi ana anu m'nyumba ya chipinda chimodzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sanasutepo, anangopuma utsi wa ena. Nanunso agogo a fodya wa m'mphuno ndi woika pansi pa mlomo, musayang'ane kumbali, nikotini wake ndi yemweyo.

(Bambo wina wachikulire anaimika dzanja: "Alangizi, inu mukuti zonse ndi chibaba. Ine namondwe Freddy ananditengera dimba, mchenga unakwirira lonse. Thonje silinabweze ndalama ya mankhwala, ku banki m'khonde akundidikira. Chimenecho ndi chibabanso? Ndikasiya fodya nditsala ndi chiyani?")

Zikomo bambo, mwafunsa m'malo mwa ambiri. Ayi, chimenecho si chibaba. Amenewo ndi mavuto enieni, ndipo sindingaime pano kukunamizani. Madzi a Januwale 2015 tinawaona, namondwe Idai mu 2019, namondwe Ana mu 2022 amene anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira dziko lonse n'kukhala mumdima, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Anthu a ku Makhanga, ku Bangula, kuno kwathu, tagona m'makalasi ndi m'matenti kangapo. Ineyo ndinagawa nawo klorini m'misasa, ndinaona abambo atakhala chete tsiku lonse, ndudu ili m'manja, alibe woyankhula naye. Sindingawaweruze.

Koma tiyeni tione bwinobwino chimene chimachitika mukamasuta. Mumadzuka pamene pali phokoso, mumapita kuseri kwa khola, mumakhala nokha, mumakoka mpweya wautali n'kuutulutsa pang'onopang'ono. Kudzuka kuja, kukhala panokha kuja, kupuma mozama kuja, n'zimene zimathandiza mtima, ndipo n'zanu, sizili mu ndudu. Chimene ndudu imaonjezera ndi kuthamangitsa mtima ndi kukweza BP. Mukamaliza, mchenga udakali m'dimba, ngongole ikadalipo, ndipo mwachotsako ndalama ina. Kawerengeni nokha madzulo ano: ndudu zimene mumagula pa tsiku, muchulukitse ndi masiku 30, muone ngati sizikukwana gawo lanu la ku banki m'khonde. Ofufuza anatsatira anthu amene anasiya fodya, anapeza kuti pakapita masabata angapo nkhawa ndi kukhumudwa zimachepa poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta. Munthu wosuta amasenza akatundu awiri, wa mavuto ake ndi wa chibaba. Wosiya amatula mmodzi. Winayo, wa dimba ndi ngongole, sasenzedwa ndi munthu mmodzi, n'chifukwa chake tili ndi komiti ya m'mudzi, mpingo, mzikiti, anzanu a pabawo. Mutu umodzi susenza denga. Mutsala ndi ife, bambo, ndiponso mutsala ndi mapapo olimira dimba lina.

Pali chimodzi chimene sindikufuna chikudutseni. Ngati munthu wasiya fodya, kapena sanasiye n'komwe, ndiye wasiya kudya, sakugona masiku ambiri, akunena kuti bola kufa, musadikire kuti zitha zokha. Chotsani mankhwala opopera thonje m'nyumbamo, musamusiye yekha, mubwere naye kuchipatala tsiku lomwelo, pa Ngabu pompa kapena ku Chikwawa. Si manyazi, ndi matenda ngati ena onse.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana kumene kwalowera ng'ombe, ndifulumire.

Sankhani tsiku losiyira, muuze a m'nyumba mwanu kuti masiku akubwerawa ndikhala wovuta, mundipirire. Fodya ndi machesi zichoke m'thumba. Chibaba chikabwera, imwani madzi pang'onopang'ono, kokani mpweya ndi mphuno, tulutsani ndi pakamwa kakhumi, yendani mukafike pa mjigo n'kubwerera. Pakamwa pasakhale chabe: nzimbe tili nazo, malambe, bwemba, masawu nyengo yake, chimanga chokazinga. Mukamva mkwiyo ukukwera, tulukani musanayankhe, mukadule nkhuni. Tiyi wowirira wamadzulo mumuchepetse, chifukwa munthu akasiya kusuta tiyi amachedwa kuchoka m'thupi, ndiye tulo timavuta, mtima n'kumagunda. Mowa ndi kachasu mupewe mwezi woyamba, ambiri amagwera pamenepo. Pabawo khalani mbali imene utsi sukupita, ndipo inu anzake lekani kumupatsira kuti angokokako kamodzi. Kamodziko ndi kamene tikukana. Musayatse imodziyo. Amene akumwa mankhwala a nthawi yaitali auze adokotala kuti asiya fodya. Wina akagwa n'kusuta, asati basi zakanika, ayambirenso m'mawa mwake, ambiri amene anasiyiratu anayesa kangapo. Bambo a tsidya aja tagwirizana kuti ayambiranso Lolemba, ndipo akazi awo avomera kuwathandiza.

Chifuwa chikhoza kuwonjezeka pang'ono masabata oyamba pamene mapapo akudziyeretsa, koma aliyense amene watsokomola masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, atsale pompano ndimupatse kabotolo ka makhololo, kuyezetsa TB m'zipatala za boma n'kwaulere. Amene akufuna kusiya mwezi uno andipeze Lachinayi tikamaliza sikelo ya ana, tilembane mayina kuti muziyenderana awiriawiri. A Gulupu, ndabweza kwa inu.