Kuno ku Warsaw: Fiat Wamkulu ndi timabuku take

Moni abale anga kumudzi ndi nonse muli kunja, takulandirani. Lero tikambe za galimoto yomwe anthu kuno ku Poland amaitchula kuti Duży Fiat, Fiat wamkulu. Dzina lake lenileni ndi Polski Fiat 125p.

Boma la Poland linagula laisensi kwa Fiat mu 1965, ndipo fakitale ya FSO ku Żerań, muno mu Warsaw, inayamba kuipanga mu November 1967 mpaka 1991. Zinatuluka zoposa 1.4 miliyoni. Koma musanamizike ndi maonekedwe. Bodi ndi ya Fiat 125 ya ku Italy, pomwe zamkati anatenga ku Fiat 1300 ndi 1500 zakale: injini ya 1295 cc kapena 1481 cc, yosavuta kwa makaniko aliyense. Ya ku Italy inali ndi nyali zamakona, iyi zinayi zozungulira. Mabuleki a disiki ali ku matayala onse anayi.

Tsono timabuku totsatsira malonda a galimotoyi, tomwe mumatipeza m'misika ya zinthu zakale Lamlungu. Tambiri ndi ta Chingerezi, Chijeremani kapena Chifalansa. Bwanji osati Chipolishi? Mpolishi sankafunika kumunyengerera. Ankapereka ndalama n'kudikira zaka, galimoto zili kupita kunja kukasaka ndalama zakunja.

Lero okonza galimotozi amatigwiritsa ntchito podziwa chaka chomwe galimoto inapangidwa. Yambani ndi giya: zoyambirira inali pa chiwongolero, kenako inatsikira pansi. Giriro ya kutsogolo yonyezimira ndi yakale, yakuda ya pulasitiki inayamba m'ma 1970. Mukaona kombi (kuno ndi station wagon, osati minibasi), kabukuko sikangakhale ka chaka cha 1972 chisanafike. Kakamanyadira liwiro la 138 km pa ola pa mtunda wa makilomita 50,000, ndi mbiri yomwe inapangidwa mu 1973 pafupi ndi mzinda wa Wrocław, ndiye kabukuko si ka chakacho chisanafike. Dzina la Fiat likasowa, pangotsala FSO, ndiye kuti ndi 1983 kupita mtsogolo, laisensi itatha.

Chomwe kabuku sikanena ndi dzimbiri. Mchere womwe amathira m'misewu nthawi ya chisanu umadya pansi pa zitseko, m'magadi ndi pansi pa buti. Wogula galimotoyi azitenga maginito: pomwe sakugwira, pali phala lobisira bowo. Ndipo musakhulupirire giriro yokha, ambiri anasinthitsa. Fananitsani ndi nambala ya chasisi.