Makalata a omvera: "Iwe unabadwa liti?"

Takulandiraninso, abale ndi alongo, ku nthawi yathu ya makalata. Moni kwa inu a kuno ku Harare, ku Zimbabwe: a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara, osaiwala a ku Epworth ndi a m'mafamu a cha ku Norton. Sabata yatha ndinatchula modutsa kuti mauthenga a pa WhatsApp onena za ziwembu zobisika akutisokonezera makolo. Makalata agwa ambiri pa nkhaniyi, ena oyamikira, ena okalipa. Ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera ku Mufakose, kwa mayi amene angosaina kuti aNaphiri.

"Zikomo aulutsi. Vuto langa ndi bambo anga ondibereka. Ali ndi zaka 74, anabwera kuno ali kamwana kuchokera ku Dedza nthawi ya chitaganya, ndipo agwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton mpaka kupuma. Achimwene anga a ku Johannesburg anawatumizira foni yamakono kuti azionana nawo. Chilandirireni foniyo, munthu anasintha. Ali m'gulu la WhatsApp la kutchalitchi, la sosaiti ya maliro, ndi lina la anthu a kwawo ku Dedza. M'bandakucha timangomva mawu achilendo akulankhula kuchipinda kwawo. Katemera wa COVID-19 anamukana, amati muli kachipangizo ka Bill Gates kolondola anthu, ndiponso ndi chizindikiro cha 666. Mlongoti wa mafoni umene uli kuseri kwa mashopu amati ndiwo unabweretsa mliri. Zonsezo ndinapirira. Koma mwezi uno asiya kumwa mapiritsi a BP chifukwa wina wodzitcha dokotala wanena mu voice note kuti mapiritsiwo anawapanga kuti anthu akuda tichepe. Panopa akungomwa zitsamba za zumbani. Ndikati ndiwalankhule amandifunsa kuti, 'Iwe unabadwa liti?' Kodi ndi ukalamba umenewu, kapena mutu wayamba kusokonekera?"

ANaphiri, tiyambe ndi mapiritsi, zinazo zibwera pambuyo. BP ikakwera nthawi zambiri sipweteka. Munthu amayenda, kuseka, kupita kutchalitchi, tsiku lina n'kungogwa ndi sitiroko. Musadikire kuti muwagonjetse kaye pa mkangano. Apempheni mupite nawo ku kiliniki sabata inoyi, anesi akawapime iwo akuona nambala ndi maso awo, ndipo za zumbaniyo mukanene komweko. Ngati ayambanso kuiwala njira yobwerera kunyumba kapena maina a zidzukulu, nazonso mukanene. Koma munthu wokhoza kukulongosolerani chiwembu chonse cha Bill Gates kuchokera kumutu mpaka kumchira, mutu wake ukugwira ntchito ndithu.

Si bambo anu okha. Ku America, akatswiri a ku mayunivesite a Princeton ndi New York anatsata zimene anthu ankagawana pa Facebook nthawi ya chisankho cha 2016. Zotsatira zake zinatuluka mu 2019: anthu opitirira zaka 65 ankagawa nkhani zabodza pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa a zaka 18 mpaka 29. Ambiri akamanena za kafukufukuyu amaimira pomwepo. Koma iye yemweyo anapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse, asanu ndi anayi sanagaweko nkhani yotero n'imodzi yomwe. Ndipo ku Britain, kumene anthu anafika potentha milongoti mu 2020, a King's College London anapeza kuti okhulupirira kwambiri kuti netiweki ya mafoni ya 5G ikukhudzana ndi mliri anali achinyamata. Ndiye tisathamangire kuloza imvi.

Chimene ine ndimaona kuno kwathu ndi ichi. Uthenga ukafika, bambo anu amayang'ana dzina la wotumiza. Ndi mkulu wampingo. Ndi msungichuma wa sosaiti, amene wasunga ndalama za maliro zaka zonsezi osasowetsa ngakhale senti. Munthu ameneyo sanawanamizepo. Zoti nayenso wangokankha chimene walandira, osadziwa kumene chachokera, pafoni sizioneka. Ndipo wotumizayo sakuchita mwa nkhanza ayi. Tinakula tikuuzidwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye munthu wamkulu akamva kuti kunja kuli zoopsa amaona kuti kukhala chete ndi mlandu.

Onjezanipo nkhani ya bandulo. Ambiri a ife timagula ya WhatsApp yokha poti ndiyo yotsikirapo mtengo. Bodza limalowa ndi bandulo imeneyo bwinobwino, koma kuti utsegule nyuzipepala kapena ufufuze dzina la dokotala uja pa Google, pamafunika data ina, ya ndalama zina. Munthu wa penshoni asankha data kapena buledi?

Tsono uthenga womwewo umawapeza katatu: kutchalitchi, kusosaiti, ndi kwa a ku Dedza. Kwa iwo ndi mboni zitatu, chikhalirecho wolankhula ndi mmodzi. Akatswiri a za maganizo anaona kalekale, mu 1977, kuti mawu akamamveka mobwerezabwereza amayamba kumveka ngati oona. Kafukufuku wina wa 2005 ndiye akukhudza inuyo, aNaphiri. Anthu achikulire ankauzidwa kuti mfundo yakutiyakuti ya zaumoyo ndi yabodza, zina kamodzi, zina katatu. Patapita masiku atatu, zimene anachenjezedwa katatu n'zimene ankazikumbukira kwambiri molakwika kuti n'zoona. Mfundo imatsala m'mutu, chenjezo n'kufufutika. Choncho mukamawakuwira m'mawa uliwonse kuti "mu katemera mulibe kachipangizo", mwina mukuthandiza kukakhomerera.

Za mlongotizo, afunseni modekha kuti mliri unafika liti muno. Wodwala woyamba anapezeka mu March 2020, ndipo pa 30 March tonse tinatsekeredwa m'nyumba. 5G, a kampani ya mafoni ya Econet anadzaiyatsa mu February 2022. Musawamalizire, awerengere okha. Akuluakulu athu masamu amawatha.

Kalata yachiwiri ndi ya aMwale a ku Highfield, a zaka 82. Cholembera chinali m'manja mwa mdzukulu, koma mawu ndi awo, ndipo ndiwerenga momwe yabwerera.

"Mwana wanga, ndakumva ukunena kuti ife akuluakulu tikupusitsidwa ndi mafoni. Galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndinalowa muno ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ndinayambira pa famu ya fodya, kenako ndinadzagwira ntchito m'tauni mpaka kukalamba. Pa famu paja akazi athu ankabayidwa jakisoni woletsa kubereka, wokana ankauzidwa kuti ntchito itha. Tikamanong'onezana amati ndi mphekesera za anthu osaphunzira. Itafika 2001 tinauzidwa kuti si ife a dziko lino, chitupa changa n'kukhala cha alien, pamene thukuta langa lonse linagwera kuno. Penshoni ya zaka zonsezo, pofika 2009 sinakwane thumba la ufa. Ndalama ya bond itabwera, anthu ankanena m'makombi kuti madola athu a kubanki apita, inu a pa wailesi munkati ayi, bond ndi dola n'chimodzimodzi. Ankanama ndani? Ndiye lero ukufuna ndimvere wovala tayi, ndisiye mnzanga amene tinadyera limodzi mavuto?"

Agogo, ndalandira ndi manja awiri. Palibe chimene mwanena chimene ndingachikane. Jakisoni uja ndi Depo-Provera. M'zaka za m'ma 1970 amayi ambiri a m'mafamu ankabayidwa mokakamizidwa, ndipo ufulu utabwera, nduna ya zaumoyo Herbert Ushewokunze inamuletsa mu 1981. Anadzaloledwanso pambuyo pake, ndipo lero mayi amasankha yekha, koma chilonda cha masiku amenewo chilipo. Ndalama ya pepala ya 100 trillion inatuluka mu January 2009, tonse tinaigwira. Komiti yofufuza imene inakhazikitsidwa mu 2015 motsogozedwa ndi Justice George Smith inavomereza kuti anthu a penshoni ndi a inshuwalansi anataya chuma chawo. Bond inabwera mu November 2016 akuti ndi yofanana ndi dola ya America, ndipo pofika February 2019 kufananako kunathetsedwa. Za unzika, zinatengera malamulo atsopano a dziko a 2013 kuti ana obadwira kuno kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique abwezeredwe malo awo. Ngakhale kunja zoterezi zinachitika. Ku Tuskegee, ku America, amuna akuda mazanamazana odwala chindoko anasiyidwa dala osapatsidwa mankhwala kuyambira 1932 mpaka 1972, madokotala a boma akungolemba momwe matenda akuwadyera.

Achinyamata amene mumaseka agogo anu, mvetserani bwino pamenepa. Munthu amene waona ndi maso ake mphekesera ya m'kombi ikusanduka zoona, osati kamodzi, sangamve mawu akuti "akukubisirani" ngati nthabwala. Kwa iye ndi mbiri ya moyo wake. Ndipo opanga mauthengawa amadziwa pamene pali chilonda. Onani momwe amayambira: mverani msanga asanachotse, madokotala sakufuna mudziwe, tumizirani onse amene mumawakonda. Ena akugulitsa mankhwala a m'mabotolo, ena akufuna otsatira ambiri pa Facebook ndi YouTube poti kumeneko kuli ndalama, ena ndi andale.

Koma agogo, ndiloleni mwana wanu ndikutsutseni pang'ono. Nkhani ya jakisoni inali ndi eni ake: amayi odziwika maina, famu yodziwika, nduna imene inaimirira poyera. Nkhani ya ndalama munaiwerenga nokha m'buku lanu la kubanki. Nanga dokotala wa mu voice note uja dzina lake ndani, amagwira chipatala chiti, walankhula tsiku liti? Inu simukanalola munthu wotero kulankhula pa maliro a sosaiti yanu. Ndipo taonani ichi. Katemera amene anayamba kubayidwa muno pa 18 February 2021 anali Sinopharm wochokera ku China, woyamba kubayidwa anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Constantino Chiwenga, pa chipatala cha Wilkins. Nkhani ya kachipangizo ka Bill Gates inaphikidwira anthu a ku America ndi ku Ulaya, inangotipeza kuno osasinthidwa n'komwe.

Mphekesera nazonso zili ndi manda ake, ndipo ife a ku Malawi tikuwadziwa. Inu mukukumbukira za ku Chilobwe, ku Blantyre, pakati pa 1968 ndi 1970, anthu pafupifupi 30 ataphedwa usiku m'nyumba zawo. Kunamveka zoti boma likutenga magazi kukabwezera ngongole ku South Africa. Nkhani ya magaziyo sinafe. Inadzukanso mu 2002, kenako mu 2017 ndi anamapopa a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, a United Nations mpaka anachotsa antchito awo m'maboma ena. Wopopa magazi sanagwidwe n'mmodzi yemwe. Ku Blantyre, mmodzi wa ophedwawo anali mnyamata wodwala khunyu. Mphekesera yotere imayamba kudya wodutsa, wosadziwika, wolankhula mosiyana. Agogo, kuno ku Harare wotereyo ndani? Si ife amene takhala tikutchedwa mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, amene gule wathu anthu ena amamunenera zinthu zimene sanazionepo? Ndikanakonda kukayikira kwanu kuja, kumene munakugula ndi misozi, mukugwiritsenso ntchito pa mawu opanda mwini, ngakhale atadzera pa foni ya mnzanu wa pamtima. Mundilemberenso, mdzukulu asatope.

Yomaliza ndi yaifupi, ya mnyamata wa ku Mabvuku amene wapempha kuti ndisamutchule.

"Ine ndine admin wa gulu la banja lathu. Agogo aakazi anatumiza vidiyo yonena kuti mpunga wina wa m'mashopu ndi wapulasitiki, cholinga n'kutipha pang'onopang'ono. Ndinayankha ndi tinkhope toseka n'kuichotsa. Kuyambira tsiku limenelo sandilankhula, ndipo amalume a ku London akuti ndilibe mwambo. Ndalakwa chiyani, poti linali bodza?"

Linali bodza ndithu, achimwene. Nkhani ya mpunga wapulasitiki yazungulira m'mayiko ambiri a mu Africa, ndipo ku Nigeria, kumene inavuta mu 2016, atapima mpunga umene anaugwira sanapezemo pulasitiki. Koma munawaseka pamaso pa ana awo, apongozi ndi zidzukulu. Munthu wamkulu akachititsidwa manyazi pagulu sabwerera m'mbuyo, amalimbikira pomwepo. Pitani kwawo, mukapepese za kusekako. Zikazizira, mukawaonetse timivi tiwiri timene WhatsApp imaika pamwamba pa uthenga wodutsa m'manja ambiri. Kuyambira April 2020 uthenga wotero umatheka kuutumiza kwa munthu mmodzi kapena gulu limodzi lokha pa nthawi imodzi, chifukwa cha mabodza omwewa. Mukawafunse kuti wajambula vidiyoyo ndani. Zoti kandimverere anakanena za m'maluwa, agogo anu akuzidziwa kuposa inu.

Ndipo mukayang'ane m'gulu lanulo kuti agogo akalemba "mwadzuka bwanji ana anga" amayankha ndi angati, akatumiza zoopsa amayankha ndi angati. Ana ali ku Johannesburg, ena ku London, anzawo ambiri anatsogola, nyumba ili zii tsiku lonse. Muziwafunsako zimene akuzidziwadi: mudzi wa kwawo, mfumu yake, maina a makolo, nyimbo za chinamwali zimene zikuloledwa kumveka. Inu a admin, yambani ndinu.

Nthawi yatithera. Kalata ya mayi a ku Tafara yofunsa za chitupa cha mwana wobadwira pa famu tidzayamba nayo sabata yamawa.