Kachilombo sikalowa m'chitumbuwa

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Amayi kumbuyoko, senderani kumthunzi kuno.

Ya sabata yatha mwaimva. Mayi uja wa zitumbuwa pamsika, dzina sinditchula, wina anamuona pamzere wa ma ARV n'kuifalitsa pa WhatsApp. Pofika Lachisanu beseni linabwerera kunyumba lodzaza. Abale anga, kachilombo sikalowa m'chitumbuwa. Sikakhala m'kapu, sikadumpha popatsana moni. Ena mwa inu mwadya zitumbuwa zake zaka zingati? Musayang'ane pansi, ndikukuonani.

Akuluakulu mukukumbukira. Edzi itapezeka m'Malawi muno mu 1985, tinkangoti kaliwondewonde, pamaliro n'kumati "anadwala nthawi yaitali."

(Gogo wina: "Komatu kale ankati ndi matenda a oyendayenda!")

Agogo, mwachita bwino kuitulutsa. Ku America matendawa atadziwika mu 1981, manyuzipepala ankati ndi mliri wa amuna ogonana okhaokha, kenako analoza anthu a ku Haiti. Mu 1985 mnyamata Ryan White anamuletsa kusukulu, chonsecho kachilombo anakatengera m'mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi. Kuno tinaloza azimayi a m'mabala ndi madalaivala a mathiraki, ndiye mayi wapabanja n'kumati ine sizindikhudza, osakayezetsa. Ku South Africa, Gugu Dlamini atanena poyera mu 1998 kuti ali nako, anthu a kwawo komwe anamumenya mpaka kufa. Nanga a Kaunda, pulezidenti wa Zambia nthawi imeneyo, amene mu 1987 anaulula kuti mwana wawo anamwalira ndi Edzi? A Muluzi mu 2004 ananena zomwezo za mchimwene wawo. Matendawa anafika mpaka kunyumba ya pulezidenti, agogo.

Ndipo mankhwala amphamvu ku Ulaya ndi ku America analipo kuyambira 1996, pamtengo woposa madola 10,000 pachaka munthu mmodzi. Ife aulere tinayamba kulandira mu 2004. Pakati pamenepo tinakwirira angati? Lero mayi akumwa bwinobwino, inu mukumuthamangitsa pamzere ndi pakamwa. Akayamba kubisala n'kusiya kumwa, pamenepo mpamene adzagwe. Kachilombo sikalowa m'chitumbuwa!

Ndaona ana ayamba kulira, ndithamange. Uthenga uja ufufuteni m'mafoni. Wa ma ARV mukamuona kuchipatala, mpatseni moni, zithere pompo. Apabanja kayezetseni limodzi, oyembekezera kusikelo msanga, makondomu ali kwa ine. Mawa m'mawa ndikagula zitumbuwa zija, ofuna tipitire limodzi. Amfumu, ndabweza kwa inu.